Kazenera Kakuda Kamene Kanatsala Pang'ono Kundilanditsa Mwana

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga pa gulu lathu la mapemphero lino. Ambiri simundidziwa, chifukwa ine ndimangowerenga za anzanga n'kuyankha kuti ameni. Dzina langa ndine Misozi, ena amanditchula kuti amake Taonga, ndimakhala ku Kanyama. Kulankhula pagulu kumandivuta, ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Koma mtima wakhala ukunditsutsa kuti ndikapitiriza kukhala chete pa zimene Mulungu anandichitira, ndiye kuti ndikumubera ulemu wake. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mundikhululukire pamene ndalakwitsa. Vuto langa linali lachilendo ndipo mwina ena museka. Kompyuta iliyonse imene ndinkaigwira inkauma, ndipo chifukwa cha zimenezo ndinatsala pang'ono kulandidwa mwana wanga.

Mwamuna wanga anamwalira Taonga asanayambe kuyenda. Ankagwira ntchito yokweza katundu m'malole, anadwala pang'ono chabe n'kutisiya. Maliro atatha, abale ake anakhala pansi ndi amalume anga. Amene ankalankhula kwambiri anali alamu anga, ba Judith, mlongo wake wamkulu wa malemu, amene amakhala ku Matero. Anati mwanayu ndi magazi awo chifukwa anandilowola, ndipo ine ndilibe ntchito, ndilibe pepala lililonse, ndimakhala m'chipinda chimodzi chimene chimalowa madzi nthawi ya mvula. Anati amutenge Taonga akakulire limodzi ndi ana awo. Za chipindazo sankanama. Ine ndinali pa mphasa, mutu uli pansi. Amalume ndi amene anandilankhulira. Anati kuno ku Kanyama kuli malo amene amaphunzitsa azimayi kompyuta mwaulere, ndipo iwo anali atandipezera kale mpando. Anapempha kuti andisiyire mwana mpaka nditamaliza maphunzirowo n'kupeza ntchito. Ba Judith anavomera, koma anati ndikalephera kapena ndikachotsedwa, pasadzakhalenso zokambirana.

Malo ophunzirirawo ndi nyumba yakale yokhala ndi mpanda, kufupi ndi msewu waukulu. Muli chipinda chimodzi chachikulu cha makompyuta, ndi kachipinda kena kosungiramo zinthu kumbuyo. Aphunzitsi athu anali ba Madamu Zulu, mayi wachifundo koma wosunga malamulo. Panalinso ba Sakala, bambo wachikulire amene amatsegula geti, kusesa ndi kuyang'anira malo onse. Anzanga ankafika m'mawa kwambiri, koma ine sindikanatha. Taonga ndinkamusiya kwa mnansi wanga, amake Bupe, amene amalawirira ku msika wa Soweto kukaoda ndiwo zamasamba ndipo amabwera dzuwa litakwera. Ndinkadikira kuti afike, ndimupatse mwana, kenako ndithamange. Ba Madamu anandimvetsa, anati bola ndizifika, ndizikhala pa kompyuta ya pakona imene inalibe mwini.

Ndifotokoze mmene makompyuta a kumeneko amagwirira ntchito, monga momwe anatiuzira. Akawazimitsa madzulo, amaiwala zonse zimene anthu anachitapo tsikulo. Anawapanga dala choncho kuti ife ophunzira tisawasokoneze. Ndiye ukafika, umalemba dzina lako ndi pasiwedi yako, imene ndi mawu achinsinsi olowera. Ukatero pamatuluka kazenera kakang'ono kakuda kokhala ndi timawu toyera. Kazenerako kamakhalapo pang'ono, kamabweretsa pulogalamu yophunzirira, kenako kamatseka kokha, iwe n'kuyamba maphunziro. Pulogalamuyo ndi imene imasunga zimene munthu waphunzira, ndipo eni malowo, amene amapereka makompyuta, amaona pomwepo ngati ukupita patsogolo. Lamulo linali lakuti munthu aliyense azilowa yekha ndi zala zake. Ngakhale ba Madamu sankaloledwa kudziwa pasiwedi ya wophunzira, chifukwa kale ena ankachitirana maphunziro.

Tsiku langa loyamba ndinakhala pakona paja. Ndinalemba dzina, ndinalemba pasiwedi, kazenera kakuda kanatuluka. Ndinadikira kuti katseke. Sikanatseke. Kachizindikiro koyera kankangophethira pamalo amodzi. Anzanga ankagogoda makiyibodi awo, ine ndili phee kuyang'ana mdima. Ndinachita manyazi kukweza dzanja, ndinkaganiza kuti mwina ndi mmene zimakhalira kwa munthu watsopano. Ba Madamu atandipeza, anazimitsa kompyutayo n'kuiyatsanso, ndinalowanso, koma zinali chimodzimodzi. Anati ndisadandaule, ndiyang'anire kwa mnzanga, mawa zikhala bwino. Mawa lake sizinakhale bwino, ngakhale mkuja wake.

Ba Madamu anaitana ba Kelvin, mnyamata amene amakonza makompyuta a pamalopo. Iye ali ndi ntchito ina m'tauni, ndiye ankadutsa m'mawa kwambiri asanakwere basi. Ine sindinkamupeza, ndinkangomva zimene wachita. Anasintha waya wa kumbuyo kwa kompyuta ya pakona. Ulendo wina anasintha kiyibodi. Ulendo winanso anafufuta dzina langa n'kulilembanso mwatsopano, analowa nalo yekha pamaso pa ba Madamu, kazenera kanatseka bwinobwino, pulogalamu inabwera. Anatulukamo, n'kusiya uthenga wakuti ndikafika ndisankhe pasiwedi ina. Ndinafika, ndinasankha, ndinalowa. Mdima uja unabweranso. Ba Madamu anamuimbira foni ine ndili pomwepo, ndipo ndinamva mawu ake akutuluka mufoni: "Madamu, ine nalowa na zina yake, vonse vili chabe bwino. Kaya, mwina ni manja yake." Ndikudziwa kuti ankangoseka, koma azimayi a m'kalasi anamva, ndipo iwo sanazitenge ngati nthabwala.

Zinthu zinafika poipa tsiku limene ba Madamu anati tiyese kompyuta ina. Anapempha amake Mwansa, mayi wolankhula kwambiri amene ankakhala kutsogolo, kuti atuluke m'dzina lawo andibwereke mpando pang'ono. Kompyuta yawo inali ikugwira ntchito bwino kuyambira m'mawa. Ndinakhalapo, ndinalowa, kazenera kakuda kanauma. Ba Madamu anaizimitsa n'kuiyatsanso, anati amake Mwansa abwererepo. Atalowa ndi dzina lawo, nawonso kazenera kanawaumira. Anaimirira n'kuwomba m'manja. "Iwe Misozi, waichita chani kompyuta yanga? Yenze chabe bwino manje manje! Mayo, uyu mwana ali na vinthu!" Tsiku lonse sanaphunzire. M'mawa mwake kompyuta yomweyo inawalandira popanda vuto. Ndiye anthu anati onani, imachira usiku iye akachoka. Zinachitikanso ndi kompyuta ya mayi wina, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene ankalola kuti ndiyandikire tebulo lake. Ndikamadutsa, ena ankaphimba kiyibodi ndi chitenje.

Mawu anayamba kuyenda. Amake Mwansa ankauza anzawo, osati monong'ona, kuti, "Uyu sibanamusambike bwino pa malilo. Mwamuna wake akali kumukonkha, safuna kuti aphunzile." Abale anga, ine ndine wopemphera, ndikudziwa kuti wakufa alibe gawo ndi amoyo. Koma ukamva chinthu tsiku ndi tsiku, ndipo maso ako akuona kuti chilichonse chimene wagwira chikuuma, umayamba kukayika. Ndinkayang'ana manja anga ndikuchapa matewera, n'kumadzifunsa kuti kodi muli chiyani m'manja amenewa. Ndinkaopa ngakhale kugwira foni ya munthu. Mwamuna wanga anali munthu wofatsa, sanandimenyepo, ankafuna kuti ndidzabwerere kusukulu. Zinkandiwawa kuti tsopano akumunena ngati chiwanda, ndipo ine ndikulephera kutsegula pakamwa kuti ndimuikire kumbuyo.

Mayi wina wa m'kalasi, pofuna kundithandiza, anandibweretsera kabotolo ka mafuta odzozedwa kuchokera kutchalitchi kwawo. Anati ndisale kudya, ndidzole m'manja, ndiona. Ndinachita zomwezo. Zinangochitika kuti tsiku limenelo amake Bupe anadzuka ndi mutu, sanapite ku Soweto, ndiye ndinawasiyira Taonga m'mawa ndipo ndinafika pamodzi ndi anzanga. Ndinalowa, kazenera kakuda kanatuluka, timawu tinathamanga, kanatseka. Pulogalamu inabwera! Azimayi analulutira, ena anandikumbatira, ba Madamu anamwetulira. Tsiku limenelo ndinaphunzira ngati munthu wanjala, sindinadzuke ngakhale kukamwa madzi. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Mawa lake amake Bupe anali atachira, anapita ku msika, ine ndinafika nthawi yanga ya masiku onse, nditadzola mafuta omwewo. Mdima uja unali ukundidikira. Apa anthu anati chikhulupiriro changa n'chochepa, kapena pali tchimo limene ndikubisa. Tsiku limodzi labwinolo linandipweteka kuposa masiku onse oipa, chifukwa linatsimikizira aliyense kuti vuto lili mwa ine.

Komabe sindinasiye kupita. Sikuti ndinali wolimba mtima, koma ndinalibe kolowera kwina. Ndikakhala kunyumba, ba Judith amva kuti ndasiya. Ndikapita, ndikakhala pakona kuyang'ana kachizindikiro kakuphethira mpaka nthawi yoweruka. Ndinkadutsa m'matope, kulumpha ngalande, kufika thukuta lili kamukamu, kuti ndikakhale pamaso pa chinthu chosayenda. Chaka chimenecho magetsi, amene kuno timati malaiti, ankavuta kwambiri. Ankabwera usiku, n'kuchoka m'mawa anthu atangoyamba ntchito. Pamalopo panali mabatire ndi makina otchedwa invata, amene amasunga moto kuti makompyuta aziyakabe. Nthawi zonse ndikamafika ndinkapeza invatayo ikung'ung'udza kumbuyo, mafani a kudenga ataima, m'chipinda muli kutentha. Phokoso limenelo ndi kazenera kakuda, ndizo zinali sukulu yanga.

Kenako ba Madamu anandiitanira panja, pansi pa mtengo wa mango. Sankandiyang'ana m'maso. Anati, "Misozi, nikumvelela chifundo maningi. Koma bene ba malo bayangana chabe vamene munthu achita mu pulogalamu, manje iwe uoneka monga unabwela siku imozi chabe. Kuli banthu bambili balindila mpando. Ngati pa Chisanu palibe vamene vachinja, nilibe mphamvu." Anawonjezera kuti ayesa komaliza kuitana bambo wina wa ku Chawama amene anaika makompyutawo poyamba, ndipo walonjeza kubwera Lachisanu m'mawa kwambiri. Ndinangoti zikomo. Mumtima ndinkadziwa mmene zithere. Abwera m'mawa ngati ba Kelvin, apeza zonse zili bwino, apita.

Nkhani sichedwa kuyenda mu komboni. Wina wa m'kalasi ali ndi m'bale ku Matero, ndipo madzulo a Lachitatu ba Judith anafika pakhomo panga. Sanakhale pansi. Anamunyamula Taonga, anamupukuta mamina ndi mpango wawo, n'kunena kuti, "Mulamu, namvela vonse. Sitifuna kukangana. Pa Sondo nizabwela na chola, ukonze vovala va mwana. Na ivi vamene bakamba banthu, mwana sangakulile pafupi na vinthu va so." Taonga ankaseka, akusewera ndi ndolo zawo. Ndinafuna kunena kuti ndikuyesetsa, kuti sindinajombepo, kuti mchimwene wawo sakunditsatira. Ndisanayambe, ba Judith anamutsitsa Taonga n'kuchoka. Atapita ndinapita kwa amalume, koma iwo anagwira mutu n'kunena kuti mawu anapangana pamaso pa anthu, sangawabweze.

Lachisanu kunacha ndi mvula yamphamvu. Madzi analowa m'chipinda mpaka m'akakolo, mbale zikuyandama. Ndinakweza matiresi pamwamba pa njerwa, ndinabereka Taonga, n'kuimirira pakati pa madziwo. Sindinapemphere pemphero lalitali la mawu okoma ngati amene mumalemba pano. Ndinati, Ambuye, Inu mukudziwa kuti pakamwa panga m'polemera. Sindingathe kufotokozera munthu aliyense. Tumizani munthu adzaone ndi maso ake zimene ine ndimaona. Nditanena ameni ndinayang'ana mvulayo n'kukhumudwa nayo, chifukwa ndinkadziwa kuti amake Bupe achedwa kuposa masiku onse. Anachedwadi. Pamene ndinkawapatsa mwana, ndinali nditataya kale mtima kuti bambo wa ku Chawama uja wabwera n'kupita.

Pafupi ndi msewu waukulu pali malo amene madzi amadzaza ngati dziwe. Ife a kuno timadziwa pamene pali mabuloko obisika pansi pa madzi, timaponda pomwepo. Nditafika ndinapeza bambo wachikulire wa ndevu zoyera, atavala kachisoti koyera ndi mkanjo umene anaupindira m'mawondo, atasenza chikwama pamutu. Ankayesa madzi ndi phazi n'kubwerera. Anandiona n'kunena kuti, "Mwana wanga, pano anthu amaoloka bwanji? Basi yanditula kutali, yakana kulowa. Ndazungulira mpaka miyendo yatopa." Ndinawauza chapansipansi kuti aziponda pamene ine ndaponda. Tinaoloka, iwo pambuyo panga, akuseka okha kuti mu ukalamba wawo aphunzira kuvina. Titafika kutsidya anandifunsa njira ya kumalo ophunzirira makompyuta. Ndinati ndi kumene ndikupita.

Anali ba Jafali, Msilamu, amene makolo awo anachokera ku Malawi kalekale. Tinalowa pa geti limodzi, tonse titanyowa. Ba Madamu anali atakwiya pang'ono, anati ankawayembekezera m'mawa, ndipo ophunzira onse analowa bwino, palibe chooneka. Kenako anandiloza n'kunena kuti mwini vuto ndi ameneyu. Ba Jafali anandiyang'ana n'kuseka. "Amene wandiolotsayu? Chabwino. Khala pansi mwana wanga, uchite monga umachitira masiku onse. Ine sindigwira kanthu." Kalasi yonse inasiya kulemba. Ndinalemba dzina, ndinalemba pasiwedi. Kwa nthawi yoyamba ndinapempha mumtima kuti kazenerako kaume, kasandichititse manyazi pokhala bwino. Kanauma.

Ba Jafali anakoka mpando, anavala magalasi, anawerenga timawu toyera tija pang'onopang'ono. Palibe amene anali atawerengapo timawuto kazenera katauma, tonse tinkangothamangira kuzimitsa. Anandifunsa ngati zinayamba zandiyenderapo bwino. Ndisanayankhe, amake Mwansa analowerera kuti, "Kamozi chabe, bakalamba, siku yamene anazola mafuta ya ba pasita!" Iwo anagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti, "Mafuta ndi abwino, mayi. Koma ine ndikufunsa mwini wake." Anatembenukira kwa ine n'kutsitsa mawu. Anandifunsa kuti tsiku limenelo ndinafika nthawi yanji. Ndinati m'mawa, pamodzi ndi anzanga. Nanga masiku ena? Ndinati ngati lero, dzuwa litakwera, chifukwa cha mwana. Anafunsanso ngati tsiku labwinolo malaiti analipo pamene ndinkalowa. Ndinaganiza, ndipo ndinakumbukira kuti mafani ankazungulira. Masiku ena onse ndinkapeza ataima.

Ba Jafali anaimirira n'kulowa m'kachipinda ka kumbuyo kaja. Ba Madamu anawatsatira, ifenso tinasuzumira pakhomo. Pa shelefu, pakati pa ndowa ndi matsache, panali kabokosi kakuda kopanda sikirini, kopanda kiyibodi, kali ndi waya umodzi wolowa kukhoma. Nyali yake inali yozima. Ba Jafali anafunsa kuti amazimitsa kabokosika ndani. Ba Sakala, amene anali ataima kumbuyo kwathu ndi mopu, anayankha mosabisa, ngati munthu wonyadira ntchito yake. "Ni ine, bakalamba. Ba Madamu banakamba ati malaiti yakayenda, vonse vamene palibe osebenzesa nizizimya, kuti mabatile yafike mumazulo. Nimazimya filiji, ketulo, pulinta, na aka. Kalibe na sikilini, palibe amene ankalapo. Kuseni nikasegula nimayasha futi vonse." Ba Madamu anagwira pakamwa. Anati mawuwo ananenadi iwo, ndipo sanaganizepo za kabokosiko.

Ba Jafali anadina batani, nyali yobiriwira inayaka. Tinabwerera pakona panga. Anati tidikire pang'ono kuti kabokosiko kadzuke. Ndili chiyang'anire, timawu toyera tija tinayamba kuthamanga tokha, kazenera kanatseka, pulogalamu inatseguka ndi dzina langa pamwamba. Sindinagwire chilichonse. Ndinangoika nkhope m'chitenje n'kulira, ndipo sindinasamale kuti anthu akundiona.

Iwo anatifotokozera mosavuta. Anati pulogalamu yophunzirira sikhala m'makompyuta athu, imasungidwa m'kabokosi kaja. Kazenera kakuda kali ngati mwana amene wamutuma ku kantemba kuti akatenge mchere. Anamuuza kuti pita ukatenge, koma sanamuuze chochita akapeza kantemba kotseka, ndiye amangoima pakhomo kudikira mpaka dzuwa kulowa. Amene ankalowa m'mawa ankapeza kantemba kotsegula, ankatenga zawo, ndipo sankafunanso kabokosiko tsiku lonse. Ba Kelvin nayenso ankayesa m'mawa. Ine ndekha ndi amene ndinkafika ba Sakala atatseka. Kompyuta ya amake Mwansa sindinaiwononge, iwonso anangotuma mwana ku kantemba kotseka. Ba Jafali anati mbali ina ya vutoli ndi yawo, chifukwa ndi iwo analemba malangizo a kazenerako, nthawi imene malaiti sankavuta chonchi. Anakhala pansi n'kuwakonza, kuti kakapanda kupeza kabokosi kazinena poyera kuti kabokosi n'kozima, m'malo mongouma. Anauzanso ba Sakala kuti kabokosiko kamadya moto wochepa kwambiri, asamakazimitse. Kenako analoza kukachipinda kuja n'kuuza azimayi kuti, "Chiwanda chanu ndi chimenecho. Chili ndi batani kumbuyo." Anthu anaseka, koma amake Mwansa sanaseke.

Ba Sakala anabwera pamene ndinakhala, bambo wamkulu ngati uja, atavula chisoti. Anati, "Mwana wanga, nenze kukuona ulila pa kona apa, nenze kukupemphelela, kansi ni chala changa." Ndinawauza kuti sanalakwe, ankasunga moto kuti tonse tiphunzire. Ba Jafali anali akumanga chikwama mofulumira kuti akapeze mapemphero a Lachisanu ku mzikiti. Ndinawathamangira pa geti, ndinagwada m'matope momwemo kuti ndiwathokoze. Anandidzutsa n'kunena kuti, "Usagwadire ine. Ndikanafika m'mawa monga ndinalonjezera, ndikanapeza zonse zili bwino, ndikanabwerera. Thokoza amene anagwetsa mvula." Abale, mvula yomwe ija ndinaikwiyira m'mawa nditangomaliza kupemphera.

Ba Madamu anaimbira eni malo tsiku lomwelo n'kuwafotokozera, ndipo anandisiyira mpando wanga. Koma Sondo, tsiku Lamulungu lija, linali likubwerabe, ndipo ba Judith sakanakhulupirira mawu anga okha, ngakhale ndikanatha kuwanena. Anafika masana titachoka kutchalitchi, atanyamula chikwama chachikulu chamizeremizere. Amalume analipo. Tisanayambe kulankhula, tinamva odi panja. Anali ba Madamu atavala magambutsi, ndipo pambuyo pawo panali amake Mwansa. Ine sindinawaitane. Ba Madamu anafotokoza za kabokosi, ananena kuti sindinajombepo ngakhale pamene ndinalibe chophunzira. Kenako amake Mwansa, ndi pakamwa pawo pomwe paja, anati, "Ba mulamu bake, ni ine nenze kufalisa nkhani ya chibanda. Nenze kunama, sininazibe. Uyu mwana alibe chilichonse. Ngati mufuna okalipila, kalipilani ine." Ba Judith anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndili ndi mawu. Sindikudziwa kumene mphamvu inachokera. Ndinati, alamu, ndisiyireni mwana wanga, ndimaliza. Anapsompsona Taonga, anapinda chikwama chija n'kuchiika m'khwapa. Chinabwerera ku Matero chopanda kanthu.

Ndinali kumbuyo kwambiri, koma ba Madamu ankandilola kutsalira anzanga akaweruka, ndipo amake Mwansa ankakhala nane kundionetsa pamene ndasokonezeka. Lero ndi mnzanga wapamtima, ngakhale pakamwa sanasinthe. Ndinamaliza. Tsopano ndimagwira ntchito pa kashopu kena kolembera ndi kusindikiza mapepala kufupi ndi msika, ndipo ndinasamukira m'chipinda chimene madzi salowa. Taonga amapita ku Matero kukacheza ndi azakhali ake, n'kubwerera kwa amake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosadziwa kulankhula. Ine ndinkayembekeza kuti thandizo lidzachokera kwa munthu wa mpingo wanga, koma Iye anatuma bambo wa chipembedzo china, n'kumuchedwetsa m'madzi mpaka nthawi yake itakwana. Ndikuthokozanso amalume, ba Madamu, amake Bupe amene amandisungira mwana, ndi ba Jafali kulikonse kumene ali.

Mlongo wanga, mwina nawenso anthu akuuza kuti vuto ndiwe, kuti uli ndi minyama, kuti chilichonse chimene wagwira chimafa, mpaka wayamba kuopa manja ako. Usafulumire kuvomera. Ine ndinanyamula mlandu wa kabokosi kozima kamene sindinkadziwa n'komwe kuti kaliko. Pemphera, ndipo mawa udzukenso upite ukakhale pampando wako, ngakhale palibe chikuyenda, chifukwa ndikanajomba Lachisanu lija, ba Jafali akanapeza pakona palibe munthu. Ndalemba zimenezi pa foni, ndi manja omwe aja ankaphimbirwa makiyibodi, Taonga ali kumsana kwanga akugona. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.